Mkangano wa Sewero la The Last of Us: Kodi Woonerera Angamve Monga Wosewera?

CHONGWE: Mkangano umene unabuka ku America mu January 2023, ndi kuyakanso mwamphamvu mu April 2025, sunathere kutsidya kwa nyanja. Unafika ku Lusaka, ndipo kucokera kumeneko unatsata mseu wa Great East mpaka m'boma la Chongwe, kumene acinyamata okhala ndi mafoni m'manja amamva za kunja tsiku lomwelo. Nkhani yake ndi ya sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa The Last of Us, limene linatengedwa ku masewera a pa makina a dzina lomwelo. Ena akuti sewerolo lalemekeza gwero lake, pamene ena akuti lalicepsa.

Mlimi wa ku Kanakantapa, kapena mai wogulitsa tomato pamsika, angafunse kuti mkangano wa anthu akutali pa zoseweretsa ukumkhudza motani. Funsolo nloyenera. Koma pansi pa mkanganowu pagona nkhani imene makolo a dziko lino anaidziwa kale, ndiyo ya zimene zimacitika pamene nthano yacoka pabwalo ndi kulowa m'bokosi, kapena pamene yacoka pakamwa pa mwini wake ndi kugwera m'manja mwa mlendo. Opanga makanema a maiko olemera ayamba kale kusakasaka nkhani za mu Africa, ndipo mudzi umene waphunzirapo pa mkangano wa anzao udzadziwa zofunsa alendowo akadzafika.

GEMU NCIYANI?

Akulu ambiri akaona ana ataunjikana m'kanyumba pamsika, maso ali pagalasi, zala zikuthamanga pa kacipangizo ka mabatani kamene iwo amacha padi, amangoti anawo akuonerera kanema. Komatu kusiyana kulipo, ndipo nkwakukulu. M'kanema munthu amakhala pansi nalandira zimene ena anakonza kale. Sangauze ngwazi kuti ikhotere kumanzere pamene wolemba anati ipite kumanja. M'gemu munthu wa pagalasiyo saponda phazi ngati wogwira padi sanamuyendetse. Akabisala mocedwa amaphedwa, ndipo wosewerayo amabwerera m'mbuyo kukayambanso. Nzofanana ndi anthu awiri pa nsolo, wina woimirira pambali, wina wokhala pansi miyala ili m'manja. Onse akuona maenje omwewo, koma thukuta likutuluka mmodzi.

M'tinyumba ta magemu ta m'misika ya dziko lino, okondedwa kwambiri ndi a mpira ndi a ndeu, amene munthu amalipira nasewera mphindi zowerengeka. Koma alipo ena okhala ndi nkhani yaitali ngati buku, ofuna masiku ambiri. The Last of Us ndi imodzi mwa amenewa. Inatuluka mu June 2013 pa makina a PlayStation 3, yopangidwa ndi kampani ya Naughty Dog ya ku California, imene ili pansi pa kampani ya Sony ya ku Japan. Wolemba nkhani yake ndi Neil Druckmann. Kuti munthu aimalize pamafunika maola pafupifupi 15. Yaciwiri inatuluka mu June 2020, ndipo njaitali koposa, yofuna maola opitirira 20. Pofika December 2022, magemu a dzinali anali atagulidwa oposa 37 miliyoni.

NKHANI YAKE MWACIDULE

Nkhaniyi imasimba za mliri wa bowa wochedwa Cordyceps, amene amalowa mu ubongo wa munthu ndi kumsandutsa cirombo columa anzake. Usiku umene mliriwo unabuka, bambo wina wa ku Texas, dzina lake Joel, anathawa atanyamula mwana wake wamkazi, Sarah, koma msilikali anawaombera ndipo mwanayo anafera m'manja mwa atate wake. Patapita zaka 20, mizinda itasanduka mabwinja, Joel ndi munthu wouma mtima wokhalira malonda ozembetsa mumzinda wa Boston. Apatsidwa nchito yoperekeza mtsikana wamasiye wa zaka 14, dzina lake Ellie, amene analumidwa koma sanadwale. Gulu lochedwa Fireflies likhulupirira kuti m'thupi mwake muli mankhwala opulumutsa mtundu wa anthu.

Ulendo wao utenga pafupifupi caka cathunthu, kudutsa dziko la America kucokera kum'mawa kulowera kumadzulo. Panjira Joel afika pozindikira zimene akulu ananena, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atafika ku cipatala ca mumzinda wa Salt Lake City, amva kuti madokotala sangapeze mankhwalawo popanda kung'amba mutu wa mtsikanayo, kutanthauza imfa yake. Joel atenga mfuti, apha alonda, apha ndi dokotala yemwe, namtulutsa Ellie ali cikomokere. Mtsikanayo atatsitsimuka, Joel amnamiza kuti nchito ya mankhwala inalephereka. Nkhani yoyamba ithera pa bodza limenelo. Yaciwiri ndi ya mlandu wosaola: Abby, mwana wamkazi wa dokotala uja, afunafuna Joel mpaka amupha, ndipo Ellie ayamba ulendo wobwezera umene umlanda pafupifupi zonse anali nazo.

ZIMENE ANASUNGA NDI ZIMENE ANASINTHA

Kampani ya HBO inayamba kuonetsa sewerolo pa 15 January 2023. Mtolo woyamba unali ndi magawo 9, ojambulidwa ku Alberta m'dziko la Canada, ndipo m'maiko a kuno unaoneka pa M-Net ya DStv ndi pa Showmax. Malo a Joel anatenga Pedro Pascal, wobadwira ku Chile, ndipo a Ellie anatenga Bella Ramsey wa ku England. Otsogolera nchitoyo anali Craig Mazin, amene anachuka ndi sewero la Chernobyl mu 2019, pamodzi ndi Druckmann mwini nkhani. Gustavo Santaolalla wa ku Argentina, amene anapeka nyimbo za m'gemu, anaitanidwanso. Ashley Johnson, amene anapereka mau ndi mayendedwe a Ellie m'gemu, anapatsidwa malo a mai wake wa mtsikanayo.

Ngakhale zinali tero, zosintha zinali zambiri. M'gemu mliri ubuka mu 2013, m'sewero ubuka mu 2003. M'gemu bowa amafalikiranso mumpweya, ndipo anthu amabvala zophimba nkhope polowa m'nyumba zamdima; mu mtolo woyamba wa sewero zimenezi zinacotsedwa, ndipo m'malo mwake bowayo amayala mizu pansi yolumikiza odwala onse, kotero kuti woponda mizu pano amadzutsa zirombo zogona kutali. Mzinda wa Pittsburgh unasinthidwa ndi wa Kansas City. Mnyamata wochedwa Sam anamcepetsa zaka namsandutsa wogontha. Nkhondo zimene wosewera amamenya pafupifupi pa mphambano iliyonse zinadulidwa, zinatsala zowerengeka.

Kusintha kwakukulu kunali m'gawo lacitatu. M'gemu munthu wochedwa Bill ndi wankhanza wochera misampha, amene amathandiza Joel kupeza galimoto, ndipo mnzake Frank amapezeka atafa kale. M'sewero olemba anasiya Joel ndi Ellie pambali kwa pafupifupi ola lathunthu, nasimba moyo wa amuna awiriwo, amene anakhala pamodzi mokondana zaka zambiri mpaka kumwalira tsiku limodzi. Gawo limeneli linatamandidwa kwambiri ndi olemba nyuzi, ndipo Nick Offerman, amene anali Bill, analandira nalo mphoto ya Emmy. Koma ndilonso linayambitsa mkangano woopsa pakati pa oonerera.

MAU A OYAMIKIRA

Oyamikira sewerolo amayamba ndi ziwerengero. Usiku woyamba anthu 4.7 miliyoni analionerera ku America, ndipo pofika gawo lomaliza ciwerengeroco cinakwera kufika pa 8.2 miliyoni. Mtolo woyambawo unachulidwa pa mphoto za Emmy zokwana 24 ndipo unatenga 8. Malonda a gemu, imene inali itakwanitsa zaka pafupifupi khumi, anakweranso, kusonyeza kuti sewero linatumiza anthu kukafuna gwero lake.

Mfundo yao yaciwiri njakuti kanema ali ndi miyendo imene gemu ilibe. M'gemu diso silicoka pa munthu amene wosewera akumuyendetsa, ndipo zimene iye sanaone wosewera saziona. Sewero lili ndi ufulu wopita kwina. Linatengera oonerera ku Jakarta m'dziko la Indonesia, kumene mai wina wophunzira za bowa, ataona mtembo woyamba, auza mkulu wa asilikali kuti mankhwala kulibe, aponye mabomba pamzinda wonse. Linaonetsanso kubadwa kwa Ellie, kumene gemu sinaonetse. Oyamikira akuti zimenezi zinakuza nkhani popanda kuthyola msana wake.

Za nkhondo zimene zinadulidwa, iwo amati kupha adani mazana kumakoma kwa wogwira padi cifukwa ndiye nchito ya zala zake, koma woonerera angatope nako gawo lisanathe. Amawonjeza kuti makina a PlayStation ndi a ndalama zambiri, osafikirika kwa mabanja oculuka, ndipo amafuna magetsi odalirika, amene mu cilala ca 2024 anasowa ngakhale m'mizinda pamene madzi anacepa ku Kariba. Sewero linatsegulira nkhani anthu amene sanagwirepo padi cibadwire.

MAU A ODANDAULA

Odandaula sakana kuti sewerolo linajambulidwa mwaluso. Dandaulo lao lili pa cipatala cija ca ku Salt Lake City. M'gemu, wosewera ndiye amayendetsa Joel m'makonde a cipatalaco, ndipo akafika m'cipinda ca opaleshoni sangapitirire ngati sanaphe dokotala. Angazengereze, angaike padi pansi, koma gemu imamdikira mpaka cala cake cidine batani. Akamaliza, mlandu amaumva kuti ngwake. Woonerera sewero amaona Pedro Pascal akucita zomwezo kwa mphindi zowerengeka, ndipo amaweruza monga mboni, manja ake ali oyera. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko, ndipo odandaula akuti woonerera sangamve m'mimba mwa wosewera.

Amanenanso kuti pocepetsa zirombo, sewero linacepetsa mantha, ndipo mantha atacepa mtengo wa mankhwala aja unatsika. Munthu amene wakhala maola 15 akukwawa mumdima, zipolopolo zitatsala ziwiri, amadziwa cimene Joel walanda dziko populumutsa mwana mmodzi. Woonerera amene wapita magawo angapo osaona wodwala ndi mmodzi yemwe angaganize kuti mliriwo ngwopirika.

Dandaulo linakula ndi mtolo waciwiri, umene unayamba pa 13 April 2025 ndi magawo 7 okha. Joel anaphedwa m'gawo laciwiri. M'gemu wosewera sauzidwa cifukwa cimene Abby waphera Joel. Amamuda ndi mtima wonse, namsaka maola ambiri, kenaka pakati pa ulendo gemu imamtembenuza ndi kumpatsa Abby yemweyo kuti amuyendetse, amteteze ku imfa, aone abwenzi ake amene Ellie anawapha. Wosewera amakakamizidwa kubvala nsapato za mdani wake, ndipo phunziro lonse la gemuyo lagona pamenepo. Sewero linaulula msanga kuti Abby ndani ndi cimene cikumpweteka, poopa kuti oonerera angamude mopitirira. Linathera pakati pa nkhani, mbali ya Abby isanasimbidwe. Usiku woyamba wa mtolowu unaoneredwa ndi anthu 5.3 miliyoni, koma womaliza ndi 3.7 miliyoni, ngakhale eni ake anati usikuwo unagwera pa masiku a chuthi. Mu July 2025 Druckmann analengeza kuti wasiya nchito ya sewero kuti akalimbikire za magemu.

Mantha a olembawo anali ndi maziko. Mu 2020, gemu yaciwiri itatuluka, Laura Bailey, mai amene anapereka mau a Abby, analandira mauthenga omuopseza ndi imfa kucokera kwa anthu olephera kusiyanitsa wosewera ndi munthu wa m'nkhani. Mkangano ukafika pamenepo wasiya kukhala wa luso, wasanduka mlandu wa apolisi.

MKANGANOWU SI MLENDO KUNO

Anthu a dziko lino anakumana nalo kale funso lomweli. Nthano ya pamoto madzulo sinali ya munthu mmodzi. Wosimba akayamba, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo akaleka kuyankha nthano imaima. Nyimbo ikafika onse amabvomera, mwana wogona amagwedezedwa, ndipo wosimba wocenjera amatalikitsa kapena kufupikitsa poona nkhope za omvera. Womvera nthano anali pafupi ndi wogwira padi kuposa woonerera kanema, popeza nkhani sinkayenda popanda iye.

Kuulutsa mau kutayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special itafika m'midzi kuyambira 1949, nthano inalowa m'bokosi mmene womvera sangayankhe. Zambiri zikanatayika. Koma m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo, m'pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, anaonetsa njira. Analibe moto, analibe obvomera nyimbo, ndipo manja ake sankaoneka. M'malo mwa zimenezo anagwiritsa nchito mau: ankasintha liu kuti likhale la nkhalamba, la mkazi kapena la nyama, naculutsa mau ofanizira kugwa, kuthamanga ndi kulira kwa zinthu, kotero kuti womvera ankaona ndi makutu. Sanatsate nthano za makolo liu ndi liu, koma amene anamumva sanamnene kuti waziononga. Mphunzitsi Ernst Wendland anasonkhanitsa ena mwa masewerowo m'buku limene linatuluka ku Lusaka mu 2004, ndipo potero nkhanizo zinasamukanso kaciwiri, kucoka pamphepo kulowa papepala.

Citsanzo cina ncocokera ku Malawi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotola, analemba mbiri yake pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaisandutsa kanema, The Boy Who Harnessed the Wind, nakaijambula ku Malawi komweko. Maiko akunja anaombera m'manja, koma olankhula Cicewa ambiri anadandaula ndi machulidwe a osewera ocokera kunja, kuphatikizapo mnyamata wa ku Kenya amene anatenga malo a William. Amene sadziwa cinenero sanamve colakwika ciliconse, pamene eni cinenero cinawalasa m'khutu. Osewera gemu ali ngati eni cinenero amenewo: amamva kusoweka kwa cinthu cimene mlendo sadziwa nkomwe kuti cinalipo.

MUYESO WOYENERA NDI UTI?

Mbali zonse ziwiri zili ndi coonadi, koma zikuyeza ndi miyeso yosiyana. Wofuna kuti sewero limpatse thukuta la wogwira padi akufuna cinthu cimene kanema alibe, monga wofuna kuti wailesi imuothetse moto. Komanso wonena kuti ziwerengero ndi mphoto zathetsa mlandu waiwala kuti unyinji wa oonererawo sunaione gemu, motero sungacitire umboni pa kufanana kwake.

Muyeso wabwino uli ndi mafunso atatu. Loyamba: kodi mtima wa nkhani wasungidwa? Laciwiri: pa cimene catayika posamuka, kodi pabwezedwa cina colingana naco, monga anacitira Chongo? Lacitatu: kodi munthu amene sadziwa gwero angaimve nkhaniyo payokha?

Poyeza motero, mtolo woyamba wapambana. Mtima wa nkhani, ndiwo funso lakuti kodi kholo lingapereke mwana mmodzi kuti dziko lipulumuke, unafika wathunthu, ndipo mabanja amene sanaonepo PlayStation anatsutsana za Joel monga anatsutsirana osewera mu 2013. M'malo mwa padi, sewero linapereka nkhope za anthu ndi mbiri za amene gemu inangowadutsa. Mtolo waciwiri wapunthwa pa funso laciwiri. Mphamvu ya gemu yaciwiri inali m'manja mwa wosewera, ndipo olemba sewero, posowa cobwezera, anayamba kufotokoza ndi pakamwa zimene munthu anayenera kuzitulukira yekha. Komabe nkhaniyo inadulidwa pakati, ndipo HBO inabvomereza mtolo wacitatu. Mlandu umene mboni ya mbali imodzi sinalankhule sugamulidwa.

Mbiri ya masewero ena ikucitira umboni muyeso umenewu. Kanema wa Super Mario Bros. wa 1993 anataya pafupifupi zonse za gemu nalephera kotheratu, pamene wa zojambula wa 2023, amene kampani ya Nintendo inatengako mbali pomupanga, anapeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Sewero la Halo, limene linayamba mu 2022, linakwiyitsa osewera pobvula ngwazi yao cisoti cimene m'magemu sicicoka kumaso, ndipo linaimitsidwa mu 2024. La Fallout, la mu April 2024, linasankha kusimba nkhani yatsopano m'dziko la gemuyo, ndipo linalandiridwa bwino ndi mbali zonse. Kutsata gwero mzere ndi mzere sindiko kumapambanitsa; comwe cimafunika nkudziwa cimene eni nkhani amaikondera.

ZOYENERA KUDZIWA MAKOLO

Gemu ndi sewero lomwe nza akulu. Ku Ulaya gemuyi inaikidwa cizindikiro ca zaka 18, ndipo sewero lili ndi magazi, kutukwana ndi nkhani za m'nyumba zosayenera ana. Cizindikiro ca zaka cimalembedwa pa cikuto ca gemu ndipo cimaoneka pagalasi sewero likamayamba. Kholo lodziwa kuwerenga manambala lingaciwone lokha, ndipo eni tinyumba ta magemu ali ndi udindo wosalowetsa ana a sukulu pa zotere, makamaka nthawi ya maphunziro. Kuletsa mwana popanda kudziwa cimene akusewera sikuthandiza kwenikweni. Kholo limene lakhala naye pansi ndi kumfunsa kuti iye akanatani pamalo pa Joel lapeza poyambira kuceza.

Ena amafunsa ngati mliri wotere ungacitikedi. Bowa wa mtundu umenewu alipodi, ndipo m'nkhalango za maiko otentha amagwira nyerere, kuziyendetsa kukwera pa tsamba, nkumera pamutu pao zitafa. Koma sakhala m'thupi la munthu, limene kutentha kwake ndi madigiri 37. M'sewero mliri unafalikira kudzera mu ufa, ndipo apa mpamene nthano yayandikira coonadi ca mlimi. Cuku ca m'cimanga ndi nshawa zosauma bwino cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciwindi. Mu August 2024 nduna ya za umoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoniyo. Bowa woyenera kuopedwa m'boma la Chongwe ali m'nkhokwe yodontha, ndipo mankhwala ake nkuumitsa mbeu mokwanira, kucotsa zoola, ndi kusaika matumba pansi pa cinyontho.

NKHANI ZA KUNO ZIDZAYEZEDWA NDI YANI?

Phunziro lalikulu la mkanganowu likukhudza cuma ca dziko lino. Mu July 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, sewero la zojambula la Malenga Mulendema wa ku Zambia, losimba za atsikana anai a mumzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, analandira mphoto ya BAFTA mu 2018 ndi kanema wake I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 analemekezedwanso ku Cannes. Njira yatseguka, ndipo amene adzadutsamo si onse adzakhala ana a pano.

Boma la Chongwe lili ndi nkhani zake: mbiri ya Asoli, eni nthaka imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo, mwambo wa Chakwela Makumbi, umene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera popempha mvula, ndi nthano za agogo zimene sizinalembedwepo. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli, ndipo mlendo wa kamera safunika ulendo wautali kuti afike pamudzi. Lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zamwambo, limene limayendetsedwa ndi bungwe la PACRA, limafuna kuti wofuna kupindula ndi zinthu zotere ayambe wapempha cilolezo kwa eni ake ndi kugwirizana nao za phindu. Mafumu, nduna zao ndi aphunzitsi ayenera kulidziwa lamuloli mlendo asanagogode.

The Last of Us inayenda bwino pamene mwini nkhani anakhala pampando umodzi ndi wopanga sewero, aliyense akudziwa cimene mnzake sadziwa. Mudzi wopereka nthano yake uyenera kupempha zomwezo: mpando pamene nkhani ikulembedwa, khutu la mwini cinenero pamene osewera akuphunzira mau, ndi pangano lolembedwa la phindu. Ndipo acinyamata amene lero akutsutsana za Joel ndi Abby angacite bwino kutenga mafoni omwewo ndi kukajambula mau a agogo ao akali moyo, popeza sewero lingayezedwe ndi gwero lake pokhapokha gwerolo litasungidwa.